Mpweya, Mafuta ndi Moto: Kumene Injini za Mpikisano Zimatenga Mphamvu

Nkhani yathu ya lero ndi ya injini, ndipo tikuilunjika makamaka kwa anzathu a m'chigwa cha Rivirivi, kuyambira pa Balaka, kutsikira ku Nkaya ndi ku Utale, mpaka ku Liwonde m'boma la Machinga. Achikulire akumbukira kuti dera lonseli lidali boma limodzi la Machinga mpaka m'chaka cha 1998 pamene Balaka adaima payekha. Tasankha dera limeneli chifukwa muli injini za mitundu yonse: njinga zamoto za kabaza, maminibasi a pakati pa Balaka ndi Liwonde, zigayo za dizilo m'midzi, malole onyamula thonje, ndiponso sitima za malasha zochokera ku Moatize zimene zimadzera pa Nkaya popita ku doko la Nacala. Koma wa ku Karonga kapena wa ku Nsanje asatseke wailesi, pakuti injini imapuma chimodzimodzi kulikonse.

Masiku ano anyamata ambiri amaonera pa mafoni awo mpikisano wa galimoto wotchedwa drag racing. Ndi mpikisano wosavuta kuumvetsa. Galimoto ziŵiri zimaima pa mzere umodzi, nyali yobiriŵira ikayaka zimaliyatsa liŵiro pa njira yowongoka, yopanda kona ngakhale imodzi, ndipo imene yayamba kufika ndiyo yapambana. Mtunda wake wakale ndi mamita 402, ndiko kuti pafupifupi mabwalo anayi a mpira wamiyendo mutawalumikiza m'litali. Mnyamata akaonera zimenezi mtima umadyokoka, m'maŵa mwake ali kwa makaniko patsinde pa mtengo wa mango, nati, "Amisiri, tandiitsegulireni njingayi kuti izikoka." Ndalama amalipira, njinga imabwerako ikulira ngati bingu, koma pakapita miyezi yoŵerengeka injini yayamba kufuka utsi. Tsono tiyeni tione chimene eni ake a mpikisanowo amachita kwenikweni.

Mphamvu ya injini imayezedwa ndi muyeso wotchedwa hosipawa, umene udachokera kwa James Watt wa ku Scotland, yemwe ankayerekeza makina ake ndi mphamvu ya kavalo. Njinga ya kabaza ya 125cc ili ndi mahosipawa pafupifupi 10. Minibasi ili ndi 100 kapena kupitirirapo pang'ono. Lole yaikulu yokoka ngolo ili ndi pakati pa 400 ndi 500, ndipo mutu umodzi wa sitima ya malasha uli ndi pafupifupi 4,000. Nanga galimoto ya gulu lapamwamba pa mpikisanowu, imene amaitcha Top Fuel? Akatswiri amaiŵerengera mahosipawa pafupifupi 11,000, kuposa mitu iŵiri ya sitima mutaiphatikiza. Chodabwitsa nchakuti injini yake ndi ya masilinda 8 ndi malita 8.2 okha, yaing'ono poyerekeza ndi ya lole ija. Sekondi imodzi isanathe galimotoyo yapitirira kale makilomita 160 pa ola. M'chaka cha 2019 Brittany Force wa ku America adamaliza mamita 305 m'masekondi 3.623, ndipo mu 2022 adafika pa makilomita 545 pa ola. Mukati muyetsemule, mpikisano watha. Amene amayesa kuti injini ndi nkhani ya amuna okha adziŵe kuti Brittany Force ndi mkazi, ndipo asanabadwe iye mayi wina, Shirley Muldowney, adali atatenga kale ukatswiri wa gulu lomweli katatu, mu 1977, mu 1980 ndi mu 1982.

Kodi mphamvu yonseyi imachokera kuti? Ife amene tidadzera ku koleji ya aphunzitsi timakumbukira phunziro la kandulo. Umayatsa kandulo pamaso pa ana, nuivindikira ndi botolo lagalasi. Phula lilipo, chingwe chilipo, koma lawi limafooka mpaka kuzima. Chatha ndi okosijeni, gawo lija la mpweya limene moto umadya. Mayi aliyense amene adakupizapo mbaula amadziŵa zomwezi popanda buku: makala akakana kuyaka sawonjezera makala, amawonjezera mphepo.

Injini nayo ndi mbaula yotsekeredwa m'chitsulo. Pisitoni ikamatsika imakoka mpweya ndi mafuta, ikamakwera imazipanikiza, pulagi imathethetsa moto, ndipo kuphulikako kumakankha pisitoni pansi. Kenaka imakweranso kutulutsa utsi. Kuti petulo apse bwino, kilogalamu imodzi ya petulo imafuna makilogalamu 14.7 a mpweya. Tiziike m'zinthu zooneka: lita imodzi ya petulo imafuna mpweya wodzaza migolo pafupifupi 45 ya malita 200. Apa mpamene pagona nkhani yonse. Kuthira mafuta ambiri mu injini nkosavuta, ngakhale mwana angathe. Chovuta nkupeza mpweya wowotchera mafutawo. Njira zonse zowonjezera mphamvu, zakale ndi zatsopano zomwe, zimayankha funso limodzi: tiloŵetse bwanji okosijeni wambiri m'silinda imodzi yomweyo?

Madalaivala a pa msewu wa M1 amalidziŵa vutoli ngakhale ena salitchula dzina. Balaka ali pa mtunda wa mamita pafupifupi 600 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Dedza ali pa mamita pafupifupi 1,600. Munthu akamakwera, mpweya umanka nupepuka, ndipo injini yopuma yokha imataya magawo atatu mwa magawo 100 a mphamvu yake pa mamita 300 alionse. Kotero minibasi yochoka pa Balaka imafika pa Dedza itataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yake, popanda chowonongeka chilichonse. Kutentha nako kumachita zomwezo. Mpweya wotentha wa masana a mwezi wa October m'chigwa cha Rivirivi ngwopepuka kusiyana ndi wa mbandakucha wa mwezi wa June. Wakabaza akakuuzani kuti njinga imakoka bwino m'mamaŵa, sakunama ayi.

Njira yoyamba yothetsera vutoli makolo athu osula adaidziŵa kalekale. Ndi mvukuto. Wosula makasu sankadikira mphepo kuti iwombe pa ng'anjo, ankaukankhira yekha mpweyawo pa moto ndi zikopa za mbuzi. Mu injini mvukutowo amautcha supercharger, ndipo umazunguliridwa ndi lamba wochokera ku injini yomweyo. Mbiri yake njosangalatsa, chifukwa udayambiradi pa ng'anjo. Abale aŵiri, Philander ndi Francis Roots a ku Indiana m'dziko la America, adalembetsa luso lawoli m'chaka cha 1860, ndipo lidagwira ntchito yopemerera ng'anjo zosungunulira chitsulo ndi kuloŵetsa mpweya m'migodi. Patapita zaka zambiri kampani ya General Motors idaika mvukuto wotere pa injini za dizilo za mabasi ndi malole. Anyamata a mpikisano a m'zaka za m'ma 1950 ankazula mivukutoyo pa injini zakale za dizilo nkuimanga pamwamba pa injini zawo za petulo. Chinthu chachikulu chimene mumachiona chitatumphuka pamwamba pa injini ya Top Fuel ndi mdzukulu wa mvukuto wa basi umenewo. Koma mvukuto sugwira ntchito yaulere. Wa pa Top Fuel umadya mahosipawa mazanamazana pongouzunguza, kuposa mphamvu yonse ya lole yaikulu. Amaulola kudya chotero chifukwa chimene umabweza nchochuluka koposa.

Njira yachiŵiri mumaimva ndi makutu anu tsiku lililonse. Lole ikamakwera chitunda kapena sitima ikamanyamuka pa Nkaya, pamamveka kamluzu kakang'ono pansi pa mkokomo wa injini. Imeneyo ndi turbo. Mwini nzeruyi adali Alfred Büchi wa ku Switzerland, amene adailembetsa mu 1905. Iye adaona kuti utsi wotuluka mu injini umatuluka ndi mphamvu yambiri imene imangotayika, ndiye adaika kampeperu m'njira ya utsiwo. Utsi umazunguza kampeperuko, ndipo iko kamazunguza kanzake kamene kamakankhira mpweya wabwino mu injini. Zili ngati kutenga madzi otsukira mbale nkuthirira nawo dimba la kuseri kwa nyumba. Timapeperu timeneti timazungulira koposa ka 100,000 pa mphindi imodzi.

Turbo ili ndi mavuto aŵiri. Loyamba nlakuti mpweya ukapanikizidwa umatentha, monga mmene pampu ya njinga yakapalasa imatenthera m'manja mukamapopa tayala. Mpweya wotenthawo umapepukanso, ndipo umachititsa mafuta kuphulika nthaŵi isanakwane. Nchifukwa chake amaudutsitsa kaye m'choziziritsira chonga ladiyeta, ndipo a mpikisano ena amathiramo madzi oundana enieni galimoto isanapite pa mzere. Vuto lachiŵiri nlakuti turbo imachedwa kudzuka, popeza imadikira utsi uchuluke. Pa mpikisano wa masekondi oŵerengeka kuchedwa kotero nkugonja. Apa mpamene luso latsopano lasintha zinthu. Mapeperu a masiku ano amasemedwa ndi makina kuchokera ku chigumu chimodzi cha aluminiyamu, ngopepuka, ndipo kompyuta imautsa turbo galimoto idakali chiimire pa mzere, kenaka nkumatsegulira mpweya pang'onopang'ono molingana ndi mmene matayala akugwirira pansi. Galimoto zina zooneka ngati za mumsewu wamba, zokhala ndi turbo ziŵiri, tsopano zimapitirira mahosipawa 3,000.

Kwa inu oyendetsa malole ndi maminibasi a dizilo okhala ndi turbo, pali kanthu kamodzi kaulere kotengapo apa. Mukafika pa Liwonde mutayenda ulendo wautali, musazime injini nthaŵi yomweyo. Isiyeni ilire yokha mphindi imodzi kapena ziŵiri. Mukazima msanga oyilo amaleka kuyenda pamene turbo idakali yotentha kwambiri, ndipo oyilo wotsalira mkatimo amapserera nkuuma ngati chikang'a cha m'mphika. Turbo zambiri zimafa imfa imeneyi.

Njira yachitatu ndi ya botolo. M'botolomo muli mpweya wotchedwa nitrous oxide, womwe uja madokotala amaugwiritsa ntchito pochepetsa ululu. Iwo wokha suyaka. Koma ukafika m'silinda nkutentha kufika madigiri pafupifupi 300, umasweka nkumasula okosijeni. Polemera kwake, magawo 36 mwa 100 a mpweya umenewu ndi okosijeni, pamene mpweya umene tikupumawu uli ndi magawo 23 okha. Ajeremani adaugwiritsa ntchito pa ndege zawo pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse kuti zizikwera m'mwamba kwambiri. M'mafilimu mumaona dalaivala akudina batani, galimoto nkuuluka. Chimene mafilimu sakuonetsani nchakuti okosijeniyo ayenera kubwera pamodzi ndi mafuta owonjezera oyezedwa bwino. Mafutawo akapereŵera pang'ono pokha, moto umatentha kwambiri nkuboola pisitoni ngati mmene wowotcherera zitsulo amaboolera lata.

Tsopano tifike pa mafuta, ndipo pano ndikhalitsapo pang'ono chifukwa Malaŵi ali ndi mbali yake. Kuyambira m'chaka cha 1982 dziko lathu lakhala likupanga ethanol ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota kuchokera ku molasesi, madzi akuda aja otsala popanga shuga, ndipo mu 2004 fakitale ina idayamba ntchito yomweyi ku Chikwawa. Ethanol ameneyu amasakanizidwa ndi petulo. Tidayamba zimenezi pofuna kuchepetsa ndalama zakunja zogulira mafuta. Anthu ena amadandaula kuti ethanol amafooketsa petulo. Pali choona pang'ono pamenepo: lita ya ethanol ili ndi mphamvu yochepa kusiyana ndi lita ya petulo, kotero imatha msanga. Koma nanga bwanji anthu a mpikisano ku America ndi ku South Africa amafunafuna mafuta okhala ndi magawo 85 mwa 100 a ethanol?

Chifukwa chake nchakuti ethanol amapirira. Mafuta akapanikizidwa kwambiri m'silinda yotentha, amatha kuphulika okha mosalongosoka, osadikira lawi lochokera ku pulagi. Mumamva injini ikugogoda ngati muli timiyala mkati, makamaka pokwera chitunda ndi giya yaikulu. Kugogoda kumeneko ndi nyundo imene ikumenya pisitoni. Kupirira kwa mafuta kumayezedwa ndi nambala yotchedwa octane, ndipo ya ethanol imapitirira 100, pamwamba pa petulo wa pa pampu. Komanso ethanol akamasanduka nthunzi amaziziritsa mpweya, monga mmene mankhwala opukutira pobaya jakisoni amazizirira pakhungu. Choncho mwini turbo angathe kukankhira mpweya wambiri osaopa kugogoda, ngakhale kuti amawotcha mafuta ochuluka. Ndichenjezeretu pano, popeza ndikudziŵa kuti wina waganiza kale: kachasu si mafuta a injini. Madzi ngochuluka mmenemo, ndipo njinga yanu idzangotsokomola nkuzima. Mbale wake wa ethanol, wotchedwa methanol, nayenso amagwira ntchito kwambiri pa mpikisano, koma ndi poizoni wochititsa khungu ndi kupha, ndipo akayaka masana lawi lake silioneka. Munthu amatha kupsa anzake akumuyang'ana osadziŵa chimene akuvinira.

Mfumu ya mafuta onse a mpikisano ndi nitromethane. Galimoto za Top Fuel zimamwa magawo 90 mwa 100 a mafuta ameneŵa, otsalawo ndi methanol. Kilogalamu yake ili ndi mphamvu yokwana gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a mphamvu ya petulo. Mungadabwe kuti nanga ufumu wake uli pati. Chinsinsi nchakuti nitromethane amabwera ndi okosijeni wakewake, ngati mlendo wobwera ndi kamba wake. Petulo tidati amafuna makilogalamu 14.7 a mpweya, koma uyu amangofuna 1.7. Ndiye kuti ndi mpweya womwewo mungawotche nitromethane wochuluka kasanu ndi katatu kuposa petulo. Chulukitsani kasanu ndi katatu, mugaŵe panayi, mupeza kuti mphamvu yaŵirikiza kaŵiri nkupitirira, mvukuto uja usanawonjezepo zake. Paulendo umodzi, kuphatikizapo kutenthetsa matayala, galimotoyo imamwa malita oposa 40. Mafuta amaloŵa ochuluka kotero kuti silinda imakhala pafupi kudzaza ndi madzimadzi, ndipo pamafunika mapulagi aŵiri pa silinda iliyonse kuti awayatse. Moto ukazima m'silinda imodzi, mafuta osapsawo sapanikizika, ndipo injini imaphulika ngati bomba. Malaŵi a moto amene mumawaona akutuluka m'mapaipi usiku ndi mafuta amene akupsabe atatuluka kale panja. Mafutaŵa ngoopsa kotero kuti bungwe loyendetsa mpikisanowu lidawaletsa kuyambira mu 1957 mpaka mu 1963.

Mukafunsa akatswiri kuti chatsopano kwenikweni nchiyani m'zaka zino, ambiri sadzatchula chitsulo, adzatchula kompyuta. Kale mafuta ankayezedwa ndi kabuleta, monga zilili pa njinga zambiri za kabaza, ndipo mmisiri ankadalira khutu lake ndi mtundu wa pulagi. Gulu la Pro Stock ku America lidakakamira kabuleta mpaka m'chaka cha 2016 pamene lidasinthira ku majekiseni a mafuta olamulidwa ndi kompyuta. Tizida tating'ono timayeza kutentha kwa utsi wa silinda iliyonse, okosijeni wotsala mu utsiwo, ndi liŵiro la matayala, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Ulendo ukatha amisiri amakhala pansi nkuŵerenga zonsezo ngati dokotala akuŵerenga zotsatira za magazi. Kwa ine phunziro lalikulu la mpikisanowu lili pamenepa. Anthu aŵa salota. Amayeza, nkusintha chinthu chimodzi, nkuyezanso.

Ndipo afika poti mphamvu yachuluka kuposa imene matayala angaigwire. Galimoto ya Top Fuel ilibe magiya. Ili ndi kilachi ya mbale zingapo imene imagwira pang'onopang'ono, chifukwa mphamvu yonse ikafika pa matayala nthaŵi imodzi amangozungulira pamalo amodzi nkufuka utsi, monga lole yotitimira m'matope a mwezi wa February. Njira yothamangiramo amaipaka zomata, ndipo dalaivala amayamba wazunguza matayala kuti atenthe ndi kunyata. Zamagetsi nazo zaloŵa m'bwalo. Mu 2020 kampani ya Ford idaonetsa galimoto yamagetsi yotchedwa Mustang Cobra Jet 1400, imene idamaliza mamita 402 m'masekondi 8.27, popanda mkokomo ndi utsi wa injini. Mota yamagetsi sidikira mpweya, ndipo kaya ili pa Dedza kaya pa Liwonde imakoka chimodzimodzi. Chimene chimailemetsa ndi mabatire.

Tsono mtengo wake. Paulendo wonse wa mamita 305 injini ya Top Fuel imazungulira pafupifupi ka 500 kokha, ndipo pamenepo yatopa kale. Ilibe ladiyeta, ilibe madzi oiziziritsa. Mapulagi amafika kumapeto atasungunuka nsonga. Ulendo uliwonse ukatha, gulu la amisiri limaimasula injini yonse, kuchotsa mapisitoni, kusintha zowonongeka ndi kuimanganso, kaŵirikaŵiri ola limodzi lisanathe. Yerekezani ndi mutu wa sitima uja, umene umakoka malasha usana ndi usiku kwa zaka. Amisiri a sitima sadalephere kufinya injini yawo kuti ipereke zambiri. Adasankha kuti ikhalitse.

Mtengo wina walipiridwa ndi matupi a anthu. M'mwezi wa March 1970 ku Long Beach m'chigawo cha California, makina a galimoto ya Don Garlits adaphulika pa mzere woyambira nkumudula mbali ya phazi lamanja. Nthaŵi imeneyo dalaivala ankakhala kumbuyo kwa injini. Ali m'chipatala Garlits adaganiza zoika injini kumbuyo kwa dalaivala, ndipo atapambana nayo galimoto yotero mu 1971 anzake onse adamutsatira. M'mwezi wa June 2008 Scott Kalitta adafa ku Englishtown m'chigawo cha New Jersey, injini yake itaphulika pafupi ndi mapeto, galimoto nkulephera kuima. Kuyambira chaka chimenecho magulu aŵiri othamanga kwambiri adawafupikitsira mtunda kuchoka pa mamita 402 kufika pa 305, kuti malo oimira atalike. Zindikirani kuti aŵa ndi anthu ovala zovala zosagwira moto, omangidwa malamba m'khola lazitsulo, okhala ndi maparachuti oimitsira galimoto, mchenga ndi ukonde kumapeto kwa njira, ndi ambulansi ili chire. Ndipotu bungwe lija, National Hot Rod Association, Wally Parks adaliyambitsa mu 1951 ndi cholinga chochotsa anyamata m'misewu ya anthu onse, kumene ankapikisana usiku, nkuwapatsa malo otchingidwa. Kuno ku Africa mpikisanowu unkachitikira ku Tarlton, pafupi ndi Krugersdorp kumadzulo kwa Johannesburg, ndipo abale athu ena okhala ku Joni adafikako. Ku Harare nako mpikisano wotere wakhala ukuchitikira pa bwalo la Donnybrook.

Tibwerere patsinde pa mtengo wa mango paja, tione zimene zimachitika mnyamata akati "tandiitsegulireni." Choyamba ena amachotsa sefa ya mpweya kuti injini ipume momasuka. Pa bwalo loyera la mpikisano, kwa masekondi anayi, zingatheke. Koma m'misewu yafumbi ya ku Utale m'chilimwe, fumbi losakanikirana ndi oyilo limasanduka msasa wopalira silinda ndi maring'i. Mphamvu imene mwapeza njosaoneka nkomwe, koma injini yofunika kukhala zaka imatha m'miyezi. Ena amaboola ekizozi kapena kuchotsa zamkati mwake. Phokoso limachulukadi, ndipo khutu limanamiza mtima kuti njinga yalimba. Koma pa injini yaing'ono paipi idayezedwa molingana ndi kabuleta, ndipo mukaiboola osasintha kayezedwe ka mafuta, injini imatentha kwambiri ndi kutaya mphamvu yokokera ponyamuka, yomwe ija wakabaza amaifuna atanyamula munthu ndi thumba la chimanga.

Pa dizilo chizoloŵezi nchotsegula pampu kuti ipereke mafuta ambiri. Mwamva kale chimene chikusoŵa pamenepo. Mafuta awonjezeka koma mpweya ndi womwe uja. Utsi wakuda bii umene minibasi imasiya m'mbuyo ndi dizilo amene mwini wake adagula ndi ndalama koma sadapse. Wina amatsikira m'mbali mwa silinda nkusungunula oyilo. Eni zigayo nawo, ena amamanga kapena kupotoza gavanala, kachida kaja koletsa injini kuthamanga kupitirira muyeso, kuti agaye matini ambiri pa tsiku. Nyundo za m'chigayo ndi gudumu lolemera la injini zidapangidwira liŵiro loikika, ndipo mphamvu yofuna kuzithyola imakula kanayi liŵiro likaŵirikiza kaŵiri. Amene amaima pafupi ndi chigayo ndi amayi ndi ana. Za mafuta a m'zigubu osakaniza ndi palafini ndinene mwachidule: palafini amatsitsa octane, ndipo kugogoda kuja kumayamba.

Nanga wofuna kuti njinga yake izikoka atani? Njinga zambiri za m'midzi yathu sizikupereka ngakhale mahosipawa 10 amene zidabwera nawo, ndiye ntchito yoyamba nkubweza amene adatayika. Tsukani kapena sinthani sefa ya mpweya kaŵirikaŵiri m'nyengo ya fumbi. Masulani pulagi muione nsonga yake. Ikakhala yofiirira ngati khofi wothira mkaka, mafuta ndi mpweya zikugwirizana. Ikakhala yakuda ndi mwaye, mafuta achuluka kapena sefa yatseka. Ikakhala yoyera mbuu, mafuta achepa ndipo pisitoni ili pangozi. Amisiri a Top Fuel, ndi makompyuta awo onse, amayang'anabe mapulagi ulendo uliwonse ukatha. Makaniko ayeze mpata wa mavalavu ndi choyezera chake, osati ndi maso. Tcheni chikhale chokungika bwino ndi chothira mafuta, matayala akhale ndi mpweya wokwanira, mabuleki asamakhule, ndipo oyilo asinthidwe pa nthaŵi yake, osadikira kuti ade ngati phula la pamsewu. Zonsezi pamodzi mtengo wake sufika pa wa pisitoni ndi maring'i atsopano.

Lamulo lija la kanayi limagwiranso ntchito poima. Njinga yothamanga makilomita 80 pa ola imafuna mtunda wochuluka kanayi kuti mabuleki aiimitse kusiyana ndi yothamanga 40, ndipo kumapeto kwa msewu wa pakati pa Balaka ndi Liwonde kulibe mchenga kapena ukonde, kuli ana a sukulu, mbuzi ndi ngolo. Nkhani ya mabuleki imeneyi ndiyo tidzaitambasula sabata ya maŵa, nthaŵi ngati yomwe ino, ndipo tidzayambira pa mabuleki a njinga za kabaza.